Thumba la Makala ndi Mpopi wa Madzi: Phunziro la Nkhalango ya Dzalanyama

Ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu chibwerere ku tchuthi. Ambiri a ife kwathu ndi ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona. Tikamva za kusunga nkhalango ndi nyama zakutchire, timayesa kuti imeneyo ndi nkhani ya anthu a ku Kasungu kapena a ku Chikwawa, kapenanso ya alendo odzajambula njovu. Inenso ndinali kuganiza chomwecho. Koma tsopano ndaona kuti nkhaniyi iyambira pa mbaula ya amayi athu.

Kwathu ndi ku Chinsapo, kufupi ndi msewu wa ku Likuni. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndinalawirira m'bandakucha kukagwira mzere pa mpopi, pakuti masiku amenewo madzi anali kubwera modontha. Ndili chiimire ndi ndowa yanga, ndinaona anthu a njinga alikudutsa mondondozana, aliyense atamanga matumba a makala atatu kapena anayi. Mmodzi wa iwo, bambo wa imvi zapatalipatali, anatsamiritsa njinga yake napempha madzi akumwa. Nditawapatsa ndinati, "Mwachokera kutali, bambo?" Iwo anati, "Kuphiri, mwana wanga. Ndanyamuka dzulo dzuwa litapendeka." Tsono ndinawafunsa mwaulemu ngati adziwa kuti madzi amene alikumwawo achokera kuphiri komweko. Anandiyang'ana nthawi, ndipo anati, "Ndidziwa ndithu. Koma ana anga sadya mthunzi."

Mawu amenewa ndiwo mutu wa phunziro lathu. Tifuna kuona ngati ilipo njira yoti nkhalango ikhale chilili, ana a bambo uja nawonso nkudya.

DZALANYAMA NDI MBIRI YAKE

Phiri limene ananena bamboyo ndilo Dzalanyama. Ndi mtandadza wa mapiri umene uli kumwera chakumadzulo kwa mzinda wathu, m'malire a dziko lino ndi Mozambique, ndipo nkhalango yake ikhudza maboma atatu: Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Boma la Atsamunda linaika malowa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 989. Mitengo yambiri ya m'menemo ndi ya mtundu wa miombo, monga mombo ndi mtondo, ndiponso muli misuku, miwanga ndi milombwa.

Dzina lenilenilo litiuza mmene malowa analili kale: munadzala nyama. Ndiponso kwa Achewa malo amenewa ndi opatulika, pakuti kumeneko ndiko kuli Kaphirintiwa. Akuluakulu amasimba kuti pa thanthwe la pamenepo ndi pamene anatsikira mwamuna ndi mkazi oyamba, pamodzi ndi nyama zonse, thanthwelo lisanaume, ndipo mapazi awo anatsala pomwepo. Anthu, nyama ndi Chauta anakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto natentha tchire. Pamenepo nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, kupatula galu, mbuzi ndi ng'ombe zimene zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba. Ena adzati iyi ndi nthano chabe. Koma taonani, makolo athu anazindikira kalekale kuti chimene chimadanitsa munthu ndi chilengedwe ndicho moto. Lero moto womwewo ulikufuka m'mauvuni a makala, kufupi ndi malo omwe nthanoyo inabadwira.

UBALE WA MPOPI NDI MTENGO

Mtsinje wa Lilongwe uchokera m'mapiri a Dzalanyama, chimodzimodzinso mtsinje wa Diamphwe. Pa mtsinje wa Lilongwe, ku Malingunde, anamanga damu loyamba la Kamuzu m'chaka cha 1966, ndipo lachiwiri linamangidwa pambuyo pake. Madzi a m'madamu amenewa ndiwo amene bungwe la Lilongwe Water Board limayeretsa ndi kutumiza m'mipopi yathu.

Nanga mtengo ulowapo bwanji? Nkhalango ili ngati chinkhupule. Mvula ikagwa, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimagwira madzi, ndipo mizu imatsegula njira kuti madziwo alowe m'nthaka. Madzi olowa pansiwo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, kotero kuti mtsinje umayendabe ngakhale m'chilimwe. Koma phiri likametedwa mpala, mvula imathamanga pamwamba tsiku lomwelo, itanyamula dothi. Zotsatira zake ndi zitatu: madzi osefukira m'dzinja, mtsinje wouma m'chilimwe, ndi matope odzaza m'damu. Damu lodzala matope lisunga madzi ochepa, ndipo madzi amatope afuna mankhwala ambiri kuti ayere.

Tsono tiyeni tichite samu yapafupi. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ndipo chiyambire pamenepo mzinda wakula koposa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mu mzinda wa Lilongwe. Mukagawa anthu amenewa ndi kukula kwa Dzalanyama, mupeza kuti sikweya kilomita iliyonse ya nkhalangoyo inali kusenza anthu 1,000 a m'tauni, osawerengera a m'midzi yozungulira. Anthu omwewo afuna kwa nkhalango imodzi zinthu ziwiri zotsutsana: madzi, amene afuna mtengo wamoyo, ndi makala, amene afuna mtengo wakufa.

MMENE MAKALA AMAPANGIDWIRA

Ena a ife tinabadwira m'tauni ndipo sitinaonepo uvuni wa makala. Munthu amagwetsa mitengo, makamaka yolimba monga mombo, mtondo ndi muwanga, naidula zidutswa, naiunjika mulu waukulu. Kenaka amafunditsa muluwo ndi udzu ndi dothi, nayatsa moto mbali imodzi, kuti mitengo inyeke pang'onopang'ono kwa masiku angapo popanda mpweya wambiri. Njira imeneyi ndi yowononga kwambiri. Kawirikawiri mitengo yolemera makilogalamu 100 imatulutsa makala osapitirira makilogalamu 20. Zina zonse zimapita ndi utsi. Choncho thumba limodzi limene mulikuliona panjinga ladya mitengo yolemera kasanu kapena kuposa.

Tifunsenso kuti, ndani amalemera ndi malonda amenewa? Si wootcha ayi. Iye ndiye amagona kuthengo, amapuma utsi, amathawa alonda, koma gawo lake ndi lochepa. Ndalama zimachuluka pamene thumba liyandikira m'tauni: kwa wa lole, kwa wopikulitsa, ndi kwa wogulitsa m'timapepala pamsika. Wootcha makala ndi mlimi amene chimanga chamuthera m'nkhokwe, kapena amene alibe ndalama ya feteleza ndi ya fizi ya mwana.

MFUTI PAYOKHA SIKWANA

M'chaka cha 2015 Boma linatumiza asilikali a nkhondo kukalondera Dzalanyama, chifukwa kudula mitengo kunafika poopsa. M'chaka cha 2020 lamulo la nkhalango linakonzedwanso, ndipo zilango za ootcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo zinakula. Ine sindinyoza zimenezi, pakuti dziko lopanda lamulo ndi bwinja. Koma lingalirani: malo a masikweya kilomita 989, mlonda angaime pa mtengo uliwonse kodi? Amene amaona zonse zochitika m'nkhalango ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete. Iwo adziwa amene walowa ndi nkhwangwa, amene watchera msampha, ndi njira imene lole imadzera usiku. Akakhala mbali ya nkhalango, nkhalango ili ndi maso zikwizikwi. Akakhala adani ake, alonda angachuluke chotani, adzangotopa.

Nanga chinachititsa anthu kukhala adani a nkhalango nchiyani? Mbali ina ndi mbiri. Pamene malo otetezedwa anali kukhazikitsidwa m'nthawi ya Atsamunda, eni dera sanafunsidwe kwenikweni. Ku Kasungu, mwachitsanzo, anthu anasamutsidwa chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafalitsidwa ndi kashembe, ndipo malo awo anasanduka nkhalango ya Boma mu 1922, kenaka paki mu 1970. Munthu amene agogo ake anali kusaka, kufula njuchi ndi kukumba mankhwala m'malomo, anangomva kuti tsopano akatero ndi mbala. Chiyambire pamenepo anthu anayamba kunena kuti "nyama za Boma" ndi "mitengo ya Boma". Ndipo tonse tidziwa mmene timasamalira chinthu chimene tichiyesa cha Boma. Onani madesiki a m'kalasi mwathu momwemu.

MAKOLO ATHU ANALI NAYO NJIRA

Pobwera kusukulu pa basi, tayang'anani pazenera m'chigwa cha Lilongwe. Muona minda yokhayokha, koma apa ndi apo pali kankhalango kowirira ka mitengo yachilengedwe. Amenewo ndi manda. Palibe mlonda wa mfuti, palibe waya, koma mitengo ili chilili. Chifukwa chake nchakuti malowo ali ndi eni ake. Mfumu ndiyo iloleza kulowamo, mudzi wonse udziwa mwambo wake, ndipo wolakwa amalipa pabwalo, pamaso pa abale ake.

Chitsanzo china chili kunyanja, m'boma la Salima. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, mafumu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti utaka ndi nsomba zina ziswane. Nthawi yotseka ikakwana asodzi onse amachoka pachilumbapo, ndipo amabwerera patapita miyezi, pa mwambo wotsegulira. Asodzi amamvera chifukwa amaona ndi maso awo kuti akabwerera makoka amadzala. Phunziro lake ndi ili: munthu amasunga chimene ali nacho mbali, ndi chimene chimamudyetsa.

MAIKO AYAMBA KUBWERERA KU NZERU IMENEYI

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 maboma a kuno kummwera kwa Africa anayamba kuvomera kuti kuthamangitsa anthu kokha kwalephera. Ku Zimbabwe anayambitsa ndondomeko yotchedwa CAMPFIRE mu 1989, yopatsa maboma aang'ono ndi midzi gawo la ndalama zochokera ku nyama zakutchire. Ku Mozambique, m'chigawo cha Tete, m'boma la Mágoè m'mphepete mwa Zambezi, munayamba ntchito yofanana nayo pakati pa zaka za m'ma 1990. Dzina lake ndi Tchuma Tchato, ndipo aliyense wa ife angamve tanthauzo lake popanda womasulira: chuma chathu. Onani kusiyana kwa mawu awiriwa, "nyama za Boma" ndi "chuma chathu". Phunziro lonse lagona pamenepo.

Kwathu kuno, cha m'ma 1990, nthambi ya Boma yoona za nyama zakutchire inayamba kulola anthu ozungulira paki ya Kasungu kulowa kukatola matondo pa nyengo yake ndi kupachika ming'oma ya njuchi. Kenaka kunadza lamulo la nkhalango la 1997. Lamuloli lilola mudzi kupatula nkhalango yakeyake pansi pa mfumu, kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe, ndiponso kupangana ndi Boma za kasamalidwe ka gawo lina la nkhalango ya Boma, anthu napezamo nkhuni zouma, udzu, bowa ndi uchi mwa dongosolo.

Tione zitsanzo ziwiri bwino lomwe.

Choyamba ndi Majete, m'boma la Chikwawa. Pofika m'zaka za m'ma 1990 nyama zazikulu za kumeneko zinali zitatha. Njovu, zipembere ndi mikango zonse zinaphedwa. Mu 2003 Boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowo. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango. Anamanga waya wamagetsi kuzungulira malo onse kuti nyama zisalowe m'minda. Koma sanalekere pa waya. Analemba ntchito anthu a m'midzi yomweyo, anathandiza ana ndi fizi ya sukulu, anaphunzitsa alimi kuweta njuchi ndi kuwapezera msika wa uchi, ndipo analola anthu kumweta udzu wofolera ndi kudula nsungwi pa nthawi yoikika. Nyama zinaswana kotero kuti mu 2016 ndi 2017, pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota, zina zinachokera ku Majete komweko, zina ku Liwonde. Malo amene analibe njovu ndi imodzi yomwe anafika pogawirako anzawo.

Chachiwiri chili kwa abale athu a ku Zambia, m'chigawo cha Kummawa, kumene amalankhula chilankhulo chathu chomwechi. M'chigwa cha Luangwa anthu ambiri anali kutchera nyama ndi mawaya chifukwa cha njala. Katswiri wina wa nyama zakutchire, Dale Lewis, ataona kuti kumanga anthu sikuthetsa njala, anayambitsa bungwe la COMACO mu 2003. Pangano lake ndi losavuta. Mlenje apereke mfuti ndi misampha yake. Bungwe limuphunzitse ulimi wosunga chonde, limupatse mbewu ndi ming'oma, abzale mitengo ya gliricidia m'munda kuti ichite manyowa ndi nkhuni. Akakolola, bungwe ligule mtedza, mpunga, soya ndi uchi wake pa mtengo wabwino, ndipo dera limene lasunga bwino pangano lilandire ndalama yoonjezera. Zokololazo amazikonza kukhala chiponde ndi zakudya zina, nazigulitsa m'masitolo a ku Chipata ndi Lusaka pansi pa dzina lakuti It's Wild! Alimi amene alowa m'pangano limeneli apitirira 200,000.

Mwaona kodi chinsinsi cha COMACO? Mayi wa ku Lusaka pogula botolo la chiponde ndiye alikulipira mlenje uja kuti asatchere njovu. Tauni ndi mudzi agwirana dzanja.

MAFUWA ATATU

Mphika sukhala pa mafuwa awiri. Poona zitsanzo zonsezi, ine ndapeza kuti kusunga chilengedwe pamodzi ndi anthu kumakhala pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndilo umwini. Anthu adziwe malire a malo awo, malamulo awapange nawo, ndipo akhale ndi mphamvu yoletsa mlendo wodzadula. Palibe amene angasunge mtengo zaka khumi ngati adziwa kuti wina adzabwera ndi lole usiku nkuutenga.

Fuwa lachiwiri ndilo phindu lofika pakhomo. Mtengo ukaotchedwa makala umagulitsidwa kamodzi basi. Koma mtengo wamoyo umalipira chaka ndi chaka. Maluwa a miombo ndiwo chakudya cha njuchi. Bowa wa ndelema, manyame ndi chipindi amamera mogwirizana ndi mizu ya miombo, kotero kuti mitengo ikatha bowanso amatha. Masuku amene timagula pamsika mu Novembala ndi Disembala, mphalabungu ndi matondo, mankhwala a zitsamba, zonsezi ndi malipiro a mtengo wamoyo. Kumbukiraninso kuti mng'oma wamakono ndi wa matabwa. Wakale wa khungwa unali kupha mtengo. Ku Dzalanyama komweko, kuyambira mu 2016, nthambi ya zankhalango mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA inaphunzitsa magulu a m'midzi ulimi wa njuchi. Ndipo miombo ili ndi ubwino wina: chitsa chake chimaphukanso. Mudzi ukangoteteza malo ku moto wa m'chilimwe, ku mbuzi ndi ku nkhwangwa, nkhalango imabwerera yokha popanda kugula mbande.

Fuwa lachitatu ndilo msika. Uchi wopanda wogula sulipira fizi. Fuwa limeneli, anzanga, lili m'manja mwa ife a m'tauni.

TISABISE ZOVUTA

Ndingakhale wonama ndikanena kuti njira imeneyi ilibe minga. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nyama zikachuluka, amene amavutika ndi mlimi wa m'malire. Mu Julayi 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Pambuyo pake njovu zinatuluka m'paki nkulowa m'midzi ya mbali zonse ziwiri, ya Malawi ndi ya Zambia. Minda inawonongeka ndipo anthu ena anataya miyoyo. Munthu amene njovu yamudyera chimanga cha chaka chonse usiku umodzi, simungamuuze kuti njovu ndi chuma chathu, pokhapokha waya amangidwe ndipo kutaya kwake kumveke kwa akuluakulu.

Vuto lina ndi la kagawidwe. Ndalama zikadzera m'manja ambiri zimafika kumudzi zitaonda, ndipo komiti imene siwerengera anthu ndalama poyera imasanduka kagulu ka odya okha. Vuto lachitatu ndi nthawi. Mng'oma ufuna miyezi kuti njuchi zilowe ndi kupanga uchi, pamene uvuni umapereka ndalama sabata yomweyo. Wanjala sadikira. Chifukwa chake ntchito zoterezi ziyenera kuyamba ndi chakudya cha pakhomo, monga anachitira a COMACO.

Koma vuto loposa onse ndi ili: ngakhale mudzi umodzi utaleka kuotcha makala, ife tikapitiriza kufuna matumba omwewo, mudzi wina udzayamba. Nkhwangwa imagwa kuphiri, koma amene amaituma ali ku Kawale ndi ku Area 25.

NANGA IFE TICHITENJI?

Sindinena kuti amayi athu aleke kuphika. Magetsi safika nyumba zonse, ndipo gasi afuna ndalama yoyambira. Koma zilipo zimene mwana wa sukulu angathe.

1. Tichepetse makala amene nyumba yathu imatha. Nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga. Mphika uvundikiridwe. Ndiwo zikonzedwe moto usanayatsidwe, ndipo makala otsala azimitsidwe ndi kusungidwa. Mbaula yomatidwa dongo m'kati imasunga moto kuposa ya chitsulo chokhachokha, ndipo kwa ophikira nkhuni ilipo Chitetezo Mbaula, imene amaumba ndi magulu a amayi a m'midzi. Nyumba imene imatha matumba awiri pa mwezi ikafika pa limodzi ndi theka, pa chaka yapulumutsa matumba 6.

2. Pamene tingathe, tigule makala ovomerezeka, ochokera ku mitengo yobzalidwa, monga amene amapangidwa ku Kawandama m'mapiri a Viphya, kapena makala oumba kuchokera ku zinyalala.

3. Tigule uchi, bowa, masuku ndi mipando ya nsungwi kwa anthu a m'midzi, ndipo tisawanyenge pa mtengo. Kwacha imene mwapatsa mlimi wa njuchi ndiyo mlonda weniweni wa phiri.

4. Tisagule nyama yakutchire, kapena kusunga ana a anyani ndi apusi pakhomo. Chiyambire 2017, lamulo la nyama zakutchire lilola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kwa wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka. Mukaona nyama yovulala kapena yogulitsidwa, dziwitsani akuluakulu. Pakati pa mzinda wathu, m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, pali Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zopulumutsidwa ndi kuphunzitsa ana a sukulu. Ndi pafupi, tikaoneko.

5. Tileke kugenda akadzidzi ndi mbalame zina ndi malegeni. Kadzidzi amadya makoswe amene amatha chimanga chathu.

6. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Koma kubzala nkosavuta, chovuta nkulera. Aliyense akhale ndi mitengo iwiri yokha, aithirire ndi kuitchingira mbuzi kufikira atamaliza Fomu 4.

7. Tilimbikitse kalabu yathu ya zachilengedwe. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuthandiza makalabu otere m'masukulu kwa zaka zambiri.

MAWU OTSIRIZA

Bambo uja atamwa madzi anathokoza, nakankha njinga yake kulowera kumsika. Ndinachita manyazi pamene ndinakumbukira kuti tiyi amene ndinali kudzamwa m'mawa womwewo anali woti aphikidwe pa makala onga omwewo. Ndinawafunsa ngati woweruza, chikhalirecho ndinali mnzawo pa mlanduwo. Iwo anadula, ine ndinagula, ndipo tonse awiri tinali kumwa pa mpopi umodzi wodontha.

Ena a ife mawa tidzakhala alangizi a zaulimi, aphunzitsi, amalonda, oweruza milandu, kapena mafumu kumene. Tsiku limenelo tidzakumbukire kuti funso loyenera si lakuti, "Tiwaletse bwanji anthu awa?" koma lakuti, "Anthu awa adye chiyani kuti mtengo uwu ukhale?" Mutu umodzi susenza denga. Denga la Dzalanyama ndi lalikulu, ndipo mbali ina ya dengalo iyenera kusenzedwa ndi ife a ku Chinsapo, Biwi ndi Mgona.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'KALABU

1. Fotokozani njira zitatu zimene kudula mitengo ku Dzalanyama kumavutitsira munthu wa ku Area 23.

2. Chifukwa ninji mitengo ya kumanda imasungika popanda mlonda? Tingaphunzirepo chiyani?

3. Tchulani mafuwa atatu a m'phunziro lino. Ndi liti limene likusowa kwambiri m'dera la kwanu?

4. Pa tchuthi chikudzachi, werengani matumba a makala amene nyumba yanu itathe pa mwezi. Yesani njira za m'ndime yoyamba ija, ndipo mudzatiuze m'magazini yotsatira ngati nambalayo yatsika.

5. Mukadakhala inu, mukadawayankha chiyani bambo amene anati ana awo sadya mthunzi?

Wophunzira wa Fomu 3